Maiki awiri, anayi kapena khumi: njira zojambulira ng'oma m'zimbale zakale za rock, ndi imene ingakuyenereni

Ng'oma zimene zimatsegula nyimbo ya Led Zeppelin ya "When the Levee Breaks" anazijambula ndi maiki awiri okha, ndipo onse awiri anali patali ndi ng'omazo. Patapita zaka zisanu, amene ankajambula chimbale cha Fleetwood Mac cha Rumours ankaika maiki pamphuno pa ng'oma iliyonse, m'chipinda chosabweza mawu. Zimbale ziwirizi anthu akuzimverabe mpaka lero, koma oimba ambiri akafika mu situdiyo n'kunena kuti akufuna "ng'oma zachikale" sadziwa kuti m'mawu amenewa muli njira zinayi zosiyana kutalitali. Chimene chimasankha njira si mtengo wa maiki. Ndi chipinda chimene muli nacho, ndi manja a woimba ng'oma.

Choncho musanatulutse sitandi ngakhale imodzi, imani pakati pa chipinda n'kuomba m'manja kamodzi mwamphamvu. Ngati mawu afera pompo, chipindacho n'chogontha. Ngati mwamva kulira kwa "trrr" ngati kachitsulo, ndiye kuti makoma awiri oyang'anizana akuponyerana mawu, ndipo maiki iliyonse ya patali idzatola kulira komweko. Ngati mawu akutha pang'onopang'ono mosalala kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, muli ndi chuma chimene ndalama sizigula msanga. Mukatero muuzeni woimba ng'oma aimbe inu mutaima mamita awiri kutsogolo kwake, popanda maiki. Mvetserani chinthu chimodzi: kodi ma cymbal, mbale zachitsulo zija, akuphimba snare, ng'oma yaing'ono yokhala ndi mawaya pansi pake? Yankho limenelo lisungeni, likhala lofunika pa njira iliyonse.

Njira ya Glyn Johns: maiki atatu kapena anayi

Chimbale choyamba cha Led Zeppelin anachijambula ku Olympic Studios ku London chakumapeto kwa 1968, m'maola pafupifupi 36 okha, ndipo pa mikisa, makina osakanizira mawu, panali Glyn Johns. Mwiniwakeyo amafotokoza kuti njirayi anaitola mwangozi pa ntchito yomweyo. Anachotsa maiki ya pamwamba pa ng'oma za John Bonham, woimba ng'oma wa gululo, kukajambulira gitala, ndipo poibwezera anaiwala kuti pa mikisa inali itakankhidwira ku sipika ya mbali imodzi. Atamva mmene ng'oma zinatambasukira pakati pa masipika awiri, anayamba kuchita dala. Ng'oma za Keith Moon m'chimbale cha The Who cha Who's Next cha 1971 zinadutsanso m'manja mwake.

Kaikidwe kake n'kotere. Maiki yoyamba ilendewere pamwamba penipeni pa snare, masentimita 100 mpaka 110 kuchokera pachikopa, itayang'ana pansi. Imvetsereni yokhayokha, ndipo muisunthe pang'onopang'ono mpaka ng'oma zonse zizimveka mwa iyo yokha ngati chinthu chimodzi. Osafulumira apa, chifukwa maiki imeneyi ndiyo mwini nyimbo. Yachiwiri ikhale kuseri kwa floor tom, ng'oma yoima pansi ndi miyendo yake, masentimita 10 kapena 15 pamwamba pa mkombero wake, itayang'ana modutsa ng'oma zonse kuloza ku snare ndi hi-hat, ma cymbal awiri otsekedwa ndi phazi. Yachitatu ikhale kutsogolo kwa kick, ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi. Yachinayi, ya pa snare, n'njongothandizira, ndipo nthawi zambiri mumaikweza pang'ono chabe kapena osaikweza n'komwe. Pa mikisa, yoyamba muikankhire theka la mbali imodzi, yachiwiri theka la mbali inayo. Mukazikankhira kumapeto kwenikweni, pakati pamatsala dzenje.

Chimene sichilola kungoyerekeza ndi maso ndi mtunda. Kuchokera pakati pa snare kufika pa maiki yoyamba, ndi kuchokera pomwepo kufika pa yachiwiri, pakhale chimodzimodzi. Tengani chingwe kapena kebulo, woimba ng'oma apanikize nsonga yake pakati pa snare ndi chala, inu mukoke mpaka pa maiki yoyamba, mutsine pamenepo, n'kuzungulira nacho mpaka pa yachiwiri. Chifukwa chake n'chakuti mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, kutanthauza masentimita 34 pa milisekondi imodzi. Mitunda ikasiyana ndi masentimita 5 okha, snare imapendekera mbali imodzi, ndipo nyimboyo ikamveka pa sipika imodzi ya foni kapena ya wailesi, mawu a m'dera la 3,400 Hz amafafanizana (Hz ndi muyeso wa mawu: nambala ikakwera mawu amathwa, ikatsika amalemera). Limenelo ndi dera limene snare imathwanimira.

Johns ankakonda Neumann U67, yomwe mtengo wake lero ungagule situdiyo yaing'ono yathunthu. Maiki awiri a condenser, aja ofuna magetsi kuti agwire ntchito, a mtundu umodzi amagwira ntchitoyi bwino lomwe. Mdani weniweni ndi siling'i yotsika. Snare imakhala pafupifupi masentimita 70 kuchokera pansi, ndiye maiki ya pamwamba imafika pa mita 1.7. Siling'i ikakhala pa mamita 2.4, mawu okagunda kumwamba n'kubwerera amafika pa maiki mochedwa ndi mamilisekondi 4, ndipo amadya mawu a cha ku 120 Hz, 370 Hz ndi 610 Hz. Zotsatira zake ng'oma zimamveka ngati zili m'katoni. Mankhwala ake ndi kumangirira matiresi kapena mabulangete okhuthala kusiling'i pamwamba pa ng'oma, kapena kutsitsa maiki onse awiri kufika pa masentimita 80. Vuto lina ndi ride, cymbal yaikulu imene imakhala pafupi ndi maiki yachiwiri n'kumailalatira. Isunthireni kutsogolo pang'ono, kapena tsitsani maikiyo.

Njirayi siinama. Woimba amene amamenya ma cymbal ngati akuswa miyala n'kumasisita snare adzamveka choncho, ndipo palibe batani lokonzera zimenezo pambuyo pake.

Masitepe a ku Headley Grange: maiki awiri patali

Headley Grange ndi chinyumba cha m'chigawo cha Hampshire ku England, chimene anachimanga mu 1795 kuti chizisungira amphawi. Kumayambiriro kwa 1971 a Led Zeppelin anakakhala kumeneko, panja ataimika lole ya The Rolling Stones yokhala ndi situdiyo yathunthu mkati mwake, mikisa yake ya Helios. Wojambula anali Andy Johns, mng'ono wake wa Glyn. Ng'oma za Ludwig za Bonham anaziika m'chipinda cholowera, pansi pa masitepe okwera nsanjika zitatu. Andy anapachika maiki awiri a Beyerdynamic M160 m'mwamba m'masitepemo, mawu ake anawapanikiza kwambiri ndi compressor, n'kuwadutsitsa mu Binson Echorec, chipangizo cha eko cha Jimmy Page, woimba gitala wa gululo. Pambuyo pake tepi anaichepetsa liwiro, ng'oma n'kulemera kuposa mmene zinalili. Chimbalecho, chachinayi komanso chopanda dzina, chinatuluka mu Novembala 1971.

Chilichonse cha zinthu zimenezi chinali ndi ntchito yake, ndipo amene amakopera chimodzi n'kusiya zinazo amakhumudwa. M160 ndi maiki ya ribbon: mkati mwake muli timizere tiwiri topyapyala kwambiri ta aluminiyamu pakati pa maginito, ndipo simakokomeza mawu akuthwa, choncho ma cymbal sabaya khutu ngakhale mutapanikiza. Compressor imatsitsa mawu okwera, ndiye mukakweza zonse pamodzi, kulira kwa chipinda kumene kunali pansipansi kumatupa pakati pa kumenya kulikonse. Echorec, chipangizo cha ku Italy chimene chimasunga mawu pa kambale kachitsulo kozungulira m'malo mwa tepi, ndi imene imabweretsa kumenya kwachiwiri kumene ambiri amayesa kuti ndi phazi la Bonham kapena makoma a nyumbayo.

Koma zonsezi zinakhazikika pa ng'oma zimene zinali zikulira kale. Kick ya Bonham inali ya mainchesi 26, zikopa zonse ziwiri zilipo, mkati mopanda pilo, ndipo ankamanga zikopa mothina kuposa mmene anthu amaganizira. Kick ya mainchesi 22 yodzaza ndi mapilo, maiki ya pa mamita 6 imangomva "ta, ta". Chotsani mapilowo, bwezerani chikopa chakutsogolo, ndipo ngati ikulira mopitirira ikani kamzere ka nsalu ka masentimita 8 kapena 10 m'lifupi kopingasa kuseri kwa chikopa.

Malo oyenera ndi masitepe a nyumba yansanjika ya njerwa kapena konkire, kapena holo ya tchalitchi kapena ya sukulu mulibe anthu, denga lake mamita 5 kupita m'mwamba. Woimba ng'oma akamaimba, yendayendani mutatseka khutu limodzi ndi chala, ndipo pamene kick yamveka yolemera kwambiri ndi pamene payenera maiki. Kawirikawiri pamakhala mamita 4 mpaka 8 kuchokera pa ng'oma, chakumwamba. Pa compressor yambani ndi ratio (mphamvu ya kupanikiza) ya 8:1, attack (nthawi yoyambira kupanikiza) ya mamilisekondi 10 mpaka 30 kuti mutu wa kumenya udutse, release (nthawi yomasulira) ya pakati pa 100 ndi 200, ndipo singano izitsika ndi madesibelo 6 mpaka 10 n'kubwerera kumenya kwina kusanafike. Nthawi ya eko muipeze ndi masamu: 60,000 kugawa ndi liwiro la nyimbo (kugunda kwake pa mphindi imodzi), yankholo kugawanso ndi 4. Pa liwiro la 72 mumapeza mamilisekondi 208. Ekoyo ibwereze kamodzi, ikachuluka kawiri, ndipo ikhale pansi moti munthu aizindikire pokhapokha mwaizimitsa. Ngati mukufuna kuchepetsa liwiro ngati mmene ankachitira ndi tepi, kutsitsa ndi 6 peresenti kumatsitsa nyimbo yonse ndi theka la toni, choncho gitala ndi besi muzijambule mutadziwa kale zimenezo.

Njirayi ndi yotsika mtengo kuposa zonse pa zipangizo, komanso ndi yosakhululuka kuposa zonse. Imafuna nyimbo yoyenda pang'onopang'ono, chifukwa pa liwiro la 140 kulira kwa kumenya koyamba kumakhala kusanathe pamene kwachitatu kwafika, zonse n'kukhala phala. Oimba ena sangakhale m'chipinda chomwecho. Compressor imakweza chilichonse, mvula padenga la malata, galimoto yodutsa, tambala wa kwa aneba, choncho nthawi yojambulira muisankhe ngati mmene mumasankhira maiki. Ndipo mukafika kunyumba n'kupeza kuti kick yachepa, palibe poikwezera. Ngati maiki anu ndi a ribbon, zimitsani magetsi a 48V, amene mikisa imatumiza ku maiki a condenser, musanalumikize, chifukwa kebulo yolumikizidwa molakwika ikhoza kung'amba kamzere ka aluminiyamu kaja, ndipo musawaike pakamwa pa kick pamene pamatuluka mphepo. Ngati ndi a condenser, palibe vuto, ingodulani pang'ono mawu opitirira 8,000 Hz musanafike pa compressor.

Juzi ndi tinsalu ta mbale ku Abbey Road

Mu Epulo 1966 Geoff Emerick, ali ndi zaka 20, anapatsidwa ntchito yojambula The Beatles pa chimbale cha Revolver. Kampani ya EMI, mwini wake wa situdiyo ya Abbey Road, inali ndi lamulo loletsa kuyandikitsa maiki ku kick poopa kuti iwonongeka. Iye analowetsa juzi yaubweya m'kick ya Ringo Starr, woimba ng'oma wa gululo, anakokera maiki pafupi, n'kudutsitsa ng'oma zonse mu compressor ya Fairchild 660 mpaka ma cymbal anayamba kumveka ngati akupuma. Zida zake zinali zochepa: AKG D20 pa kick, AKG D19c pamwamba. Pofika 1969, pa chimbale cha Abbey Road, Ringo ankayala tinsalu topukutira mbale pa snare ndi ma tom, ndipo n'chifukwa chake ng'oma za mu "Come Together" zimamveka zonenepa, zazifupi, ngati zili m'chipinda momwe mwakhalamo. Chimbalecho anachijambula pa matiraki 8, tinjira ta pa tepi tosunga mawu patokhapatokha, ndi mikisa yatsopano ya TG12345, ya matiranzisita, imene Emerick ankadandaula kuti inali yofewa poyerekeza ndi yakale ya ma valve.

Kwa munthu wa chipinda chaching'ono cholira "trrr", iyi ndiyo njira yoyamba kuyesa, chifukwa ng'oma zikafupikitsidwa mawu sizidzutsa makoma. Chotsani chikopa chakutsogolo cha kick, pindani bulangete kuti likhudze chikopa chomenyedwa chakumunsi, muliponderetse ndi njerwa yokulunga m'nsalu kuti lisasunthe, maiki ikhale masentimita 10 kapena 15 kuchokera pachikopacho. Ma tom muwamasule mpaka atatsala pang'ono kuchita makwinya, kenako muwamange pang'ono. Maiki ya pamwamba itsike kufika pa masentimita 50 kapena 60 pamwamba pa snare. Zonse zikhale pakati, mono, zidutse mu compressor imodzi.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa nsalu. Thaulo losambira n'lokhuthala kwambiri, limameza kugunda kwa ndodo, ndiye woimba amayamba kumenya mwaukali kuti adzimve, ndipo ukali womwewo umafika pa ma cymbal amene sanaphimbidwe. Tengani kansalu kopyapyala kakale, kamangirireni kumkombero ndi zopanira zovala ziwiri kuti kasatsetsereke. Ngati snare yafa kwambiri, kapindeni kaphimbe theka la chikopa lakutali ndi pomenya. Ma cymbal aang'ono, opepuka, amathandiza kuposa batani lililonse.

Maiki pa ng'oma iliyonse, monga mu Rumours

Chimbale cha Rumours anachijambula mu 1976, mbali yaikulu ku Record Plant ku Sausalito m'chigawo cha California, ndipo chinatuluka mu Febuluwale 1977. Ojambula ake, Ken Caillat ndi Richard Dashut, anali ndi mikisa ya API ndi makina a 3M a matiraki 24, m'chipinda chogontha chimene Caillat sankachikonda n'komwe. Matiraki ochuluka chotero amapereka ufulu wokonza chilichonse payokha. Ng'oma za mu "Dreams" ndi ma bar 8 okha (tizigawo tofanana ta nyimbo) a Mick Fleetwood, woimba ng'oma wa gululo, amene anawadula pa tepi n'kuwabwereza. Ufuluwo unali ndi mtengo wake: tepi inazungulira kambirimbiri m'miyezi yowonjezera zida mpaka inayamba kuperepeseka, ng'oma n'kutaya kuthwa kwake, ndipo anapulumuka chifukwa panali tepi ina yosungira imene anailumikiza ndi yoyambayo mochita kumvera ndi khutu.

Njirayi imafuna polowera maiki 8 kapena kuposa: kick, snare pamwamba ndi pansi, tom iliyonse, hi-hat, ndi awiri a pamwamba. Pa snare, Shure SM57 ikhale masentimita 3 mpaka 5 pamwamba pa mkombero, itayang'ana pakati pa chikopa, msana wake utalozera ku hi-hat chifukwa kumbuyo ndi kumene maikiyi imamva pang'ono. Maiki ya pansi pa snare muitembenuze ndi batani la Ø, popeza chikopa chapamwamba chikamathawa maiki yake chapansi chimakhala chikuyandikira yake.

Maiki akachuluka, ng'oma sizikula zokha. Nthawi zambiri zimaonda. Tengani chitsanzo: maiki ya snare ili pa masentimita 5, ya pamwamba ili pa 100. Kusiyana kwa masentimita 95 kumafafaniza mawu a cha ku 180 Hz, pomwe pali thupi lenileni la snare. Choncho kwezani a pamwamba poyamba, wonjezerani maiki imodziimodzi, iliyonse muyese batani la Ø, ndipo musunge mbali imene ng'oma yamveka yokhuthala. Ma tom amang'ung'udza nthawi iliyonse kick ikagunda, ndiye pa kompyuta dulani matiraki awo pamene sakumenyedwa. Woimba wa manja osakhazikika, kapena nyimbo yodzaza ndi magitala, makibodi ndi mawu a anthu ambiri, apa ndi pamene amapindula. Koma maiki 10 otchipa odutsa mu mikisa yaphokoso amagonja kwa maiki 3 abwino oikidwa mosamala, ndipo nthawi yokonzekera imatha theka la tsiku ng'oma zisanayambe kujambulidwa.

Nanga mawu a ng'oma a mu kompyuta? Pa kalembedwe ka Rumours amafika pafupi kwambiri, chifukwa ng'oma zowuma, zolekanitsidwa, n'zosavuta kutsanzira. Pa njira ya Johns ndi ya masitepe amalephera pa chinthu chimodzi: m'chipinda chenicheni kick ikagunda, mawaya a pansi pa snare amanjenjemera, ma tom amayankha, mpweya wonse umasuntha pamodzi. Ngati mulibe ng'oma kapena malo, agwiritseni ntchito mopanda manyazi, koma sankhani aja ali ndi tiraki ya chipinda payokha kuti muthe kuipanikiza.

Amene ali ndi polowera maiki awiri okha asadzione ngati wotsalira, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chipinda chikakhala chabwino, apite njira ya masitepe. Chikakhala choipa, atenge tinsalu ndi bulangete, maiki imodzi pa kick ina pamwamba. Amene ali ndi anayi, chipinda chosalira moipa ndi woimba wodziwa kudziletsa pa ma cymbal, palibe chifukwa chodutsira njira ya Glyn Johns.

Ndipo ngati pali polowera pachisanu, pali kaphatikizidwe kamene kamabweza zambiri pa mtengo wa kebulo imodzi yaitali. Ikani maiki anayi aja monga mwa Johns, tsegulani chitseko cha chipinda, n'kuimika maiki yachisanu m'kanjira ka m'nyumba kapena m'chipinda china chopanda katundu, mamita 5 kapena 6 kuchokera pa ng'oma, itafulatira chitsekocho kuti izitola mawu obwerera osati olunjika. Mawu amafika pamenepo mochedwa ndi mamilisekondi 15 mpaka 18. Musawakokere kutsogolo pa kompyuta kuti afanane ndi enawo, chifukwa kuchedwako ndi kumene khutu limamva ngati kukula kwa malo. Dulani zopitirira 6,000 Hz, panikizani ndi madesibelo 10, yambani tirakiyo ili pansi penipeni, ndipo muikweze pang'onopang'ono mpaka snare itayamba kukhala ndi mchira. Mukafika pamenepo bwezani ndi madesibelo 2, kenako lembani ndi choko pansi pamene paima mwendo uliwonse wa sitandi, kuti mawa mukapeze malo omwewo.